A Arvo Akusankha Ndodo ya Mbedza

Chaka chimene a Arvo Kinnunen analeka kumva kujompha kwa nsomba, nyanja inaundana msanga. Pofika pakati pa Disembala tinyumba ta awedzi tinali titandandalika kale pa ayezi kuyambira ku Gladstone mpaka ku Rapid River, ndipo kawo kobiriwira kanali pamalo pake pa chaka ndi chaka. M'mawa uliwonse ankapita. Ankaboola ayezi, n'kukhala pachidebe, n'kutsitsa mbedza. Pakapita kanthawi ankakweza chingwe n'kupeza mbedza ili yokhayokha, mphutsi itadyedwa. Sankatukwana ndipo sankadandaula. Ankangokoleka mphutsi ina.

Pechi ndi kansomba kakuba mwaulemu. Sikakoka ngati nsomba zamano zija zimene zimafuna kukuzula mkono. Kamafika mwakachetechete, n'kuyamwa nyambo, n'kulavula mbedza, iwe uli pamwambapa ukuganiza za kukwera mtengo kwa petulo. Wofuna kukagwira ayenera kumva kakugunda kamodzi kokha, kochepa ngati kuphethira kwa diso, kakukwera m'chingwe, kudutsa mundodo, mpaka kufika m'chala. Chala chimenecho a Arvo anali nacho, ndipo dera lonse linkadziwa. Anthu ankati mdala ameneyu amamva pechi ikangoganiza zodya.

Anabadwira pafamu ya miyala yokhayokha kumpoto kwa tawuni, kwa makolo ochokera ku Finland, anthu oumira mawu. Analowa m'nkhalango ndevu zisanamere, kudula mitengo ya fakitale ya mapepala, ndipo anatulukamo imvi zili mbuu. Anakwatira mayi Ilene, amene ankaphika kusukulu, n'kubereka mwana mmodzi, Marlys. Mayi Ilene atamwalira, azimayi a kutchalitchi anabwera ndi mbale za chakudya mpaka tebulo linadzaza, ndipo a Arvo anazitsuka zonse n'kuzibweza khomo ndi khomo, osanena china choposa zikomo. Ndi mmene analili. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, ankakuuza kumene mphepo ikuchokera.

Koma macheka a injini sagwiridwa ulere. Amanjenjemera m'manja tsiku lonse, chaka ndi chaka, ndipo kunjenjemerako kumadya mitsempha ngati chiswe m'phaso. Poyamba zala zinkangoyera mbee kukazizira, n'kubwerera zikaothedwa moto. Kenako dzanzi linayamba kugona momwemo. Analeka kuvala malaya a mabatani. Kapu ankaigwira ndi manja awiri, akuiyang'ana. Sanauze munthu, ndipo kunena zoona sizinkawapweteka mumtima mmene wina angaganizire. Zinkakhala ngati zikuchitikira munthu wina amene iwo akungomuonerera.

Marlys anazitulukira mu Okutobala. Anabwera kuchokera ku Green Bay, kumene amakhala ndi mwamuna wake, kudzathandiza kusanja nkhuni. Ali kukhitchini, a Arvo anatsamira mbaula ndi dzanja lamanzere akufotokoza za denga la garaja, ndipo amene anayamba kumva fungo anali mwanayo.

"Ababa, dzanjalo."

Anawakokera kumpopi, n'kuwathira madzi ozizira, n'kuwamanga. Nthawi yonseyo a Arvo ankayang'ana pazenera.

"Simunamve?" anafunsa Marlys.

"Khungu langa ndi lokhuthala. La m'nkhalango."

"Khungu lokhuthala silinunkha nyama yootcha mwini wake akukamba za denga. Ndikuuzeni lero lomwe, mawa musadzati ndinakubisirani. Ngati manjawa afa, kuno nokha simukhalako. Chipinda chapansi chija kwathu mulibe munthu."

"Manja ali bwinobwino. Dikira nyanja iundane, uona nsomba."

Apo ndiye anadzitchera okha msampha. Chisanu chilichonse ankasenda pechi, kuchotsa minga, kuika minofu m'makatoni a mkaka, kuthiramo madzi n'kuundanitsa mufiriji, ndipo woyendetsa lole wina wa kutchalitchi ankakatula makatoniwo ku Green Bay. Tsopano makatoni aja anasanduka mboni. Akafika, a Arvo akhala m'nyumba mwawo. Akapanda kufika, Marlys adziwa. Khirisimasi inadutsa, Januwale anafika pakati, makatoni ali mulu pakhonde opanda kanthu.

Kanyumba koyandikana ndi kawo kanali ka a Gus Trepanier, amene anagwira nawo ntchito m'nkhalango, munthu wa pakamwa posatseka. Tsiku lina anakankha chitseko osagogoda, n'kusuzumira m'chidebe cha nsomba.

"Iwe Arvo, wayamba kuweta nsomba eti? Ndamva kuti za pansi pakozi zanenepa, pabowo sizikukwananso."

"Tseka chitseko, ukulowetsa mphepo."

"Mphutsi zonse za kusitolo ya Dorene zathera pano. Chaka chino nsombazi zikusankha kukhala meya wawo, uona."

"Ndodo yafa iyi."

"Ndodo," anatero a Gus. "Tabweretsa."

Anailanda, n'kukolekera mphutsi, n'kutsitsa. Khofi wa a Arvo asanazizire, a Gus anakweza pechi yonenepa, yachikasu, mizere yake yakuda ikuwala. Anaichotsa kumbedza, anaiponya m'chidebe, n'kubweza ndodo kwa mwini wake. Nthabwala zinawathera pamenepo. Anatuluka, ndipo atabwerera anali ndi chidebe chawo, chimene anachikhuthulira m'chidebe cha a Arvo.

"Mwanayo sangadziwe kuti ya Gus ndi iti, ya Arvo ndi iti. Usandithokoze. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maso angawanso ayamba kuona anthu awiriawiri."

A Arvo sanathokozedi, komanso sanakane. Madzulo anayala nsombazo pathabwa n'kunola mpeni. Kusenda pechi ndi ntchito ya zala, chifukwa mpeni umayenda motsatira minga ndipo chimene chimautsogolera ndi chala. Nsomba yoyamba inatuluka nyenyeswa zokhazokha. Yachiwiri chimodzimodzi. Ali pa ina anaona magazi pathabwa, n'kudabwa, popeza pechi ilibe magazi ochuluka chotero. Anawatsatira ndi maso mpaka anafika pachala chawo chachikulu. Anaima kanthawi akuonerera mmene magaziwo akudonthera, kenako anakatenga tepi yakuda ya magetsi n'kudzimanga. Nsomba zotsala anakazitaya kuseri kwa garaja, kumene akhwangwala anazipeza m'mawa.

Marlys ataimba foni Lamulungu, anamuuza za mphepo, kenako za ndodo.

"Yafa bwanji ndodo, ababa?"

"Yangofa. Zimakalamba."

"Ndiye ndibwera Loweruka tikagule ina. Ikhala mphatso ya tsiku lanu lobadwa."

Tsiku lawo lobadwa linali mu Juni. Paja khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. A Arvo ankadziwa chimene mwanayo akubwerera, ndipo anangoti chabwino.

Sitolo ya mayi Dorene Sovey ili pamene msewu umatsikira kunyanja, ndipo imanunkha nyambo ndi khofi wopserera. Mayiwa anayamba kugulitsa okha amuna awo atamwalira, ndipo amadziwa za munthu aliyense kuchokera pa zimene wagula. Ankadziwa kuti chaka chino a Arvo akugula mphutsi kuposa aliyense, koma sakubwera ndi nsomba yoti ayeze pasikelo.

"Onani amene wabwera ndi womuperekeza," anatero atawaona. "Mwadzagula ndodo, a Arvo, kapena mwadzanyoza zangazi ngati chaka chatha?"

"Zitengera ndodozo."

"Iwe Marlys, bambo akowa anandiuza pamaso pa makasitomala kuti ndikugulitsa mipini ya tsache. Ndinawakhululukira chifukwa cha Lenti basi."

Anatsitsa ndodo zingapo n'kuziyala pakauntala. A Arvo anatulutsa dzanja lamanja lokha, lamanzere lili m'thumba la jekete, n'kuyamba kusankha. Apa maso ndi mutu zinali zikugwirabe ntchito. Yaitali anaikankhira pambali, ati ukakweza nsomba uboola nayo denga la kanyumba. Yonenepa ija ati ndi yothamangitsira agalu. Ina inali yofewa kuyambira kunsonga mpaka kuchigwiriro, ndipo anaipinda n'kupukusa mutu, chifukwa yotere imameza kugunda konse kusanafike kwa munthu. Ndodo ya pechi imafunika yaifupi ngati mkono, yopepuka, nsonga yopyapyala yofewa, koma pakati polimba kuti ukakoka mbedza ilowe. Chigwiriro chisakhale chokhuthala ndi mphira. Anafotokoza zonsezi akuyang'ana ndodozo, ndipo anayankhula mawu ambiri kuposa amene Marlys anawamva kwa iwo chaka chonse. Pamapeto pake zinatsala zitatu.

Kuno ndodo sigulidwa isanayankhule. Wogula amagwira chigwiriro, wogulitsa amaika nsonga pakholingo pake n'kunena mawu, ndipo ndodo yabwino imafikitsa mawuwo m'dzanja ngati kulira kwa njuchi. Mayi Dorene anatukula chibwano, n'kuika nsonga ya yoyamba pakhosi.

"Kunja kukuzizira," anatero mokweza, "ndipo Gus Trepanier ndi wabodza."

A Arvo anamva mawuwo ndi makutu. M'dzanja munali zii.

"Iyi ndi bubu," anatero.

Mayiwo anaika yachiwiri. "Nsomba imene Gus akuti anagwira Lachiwiri inali ya chaka chatha."

"Iyi ikuyesako."

Pa yachitatu a Arvo anadikira kuti mawu athe, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono monga ankachitira kale. Anali ataiona kale kuti ndiyo yabwino.

"Iyi ndiye ndodo."

Maso a mayi Dorene anakumana ndi awo, n'kuthawa msanga. "Waona, Marlys? Bambo akowa sanamizidwa. Imeneyi ndiye yoposa zonse m'sitolo muno. Ndiikulunge?"

"Dikirani kaye, amayi," anatero Marlys. Anali ataima pafupi ndi thanki ya tinsomba ta nyambo, manja atapinda. "Ababa, ine simunandiphunzitse choncho. Munkati za pakholingozi ndi za alendo a m'tawuni, chifukwa khutu limathandiza dzanja kunama."

Zinali zoona. Ankanenadi zimenezo, m'sitolo yomweyi, Marlys akadali kamtsikana kosafika pakauntala.

"Tsekani maso," anapitiriza Marlys. "Ndikakhudza nsonga ndi chikhadabo, munene kuti apo."

"Aa, iwe," anatero mayi Dorene, "muno mukuzizira lero. Manja a munthu aliyense amakhala ouma."

"Mbaula yanu ikuyaka bwino, amayi."

Mayi Dorene anayamba kupukuta kauntala imene inali yoyera kale. A Arvo anagwira ndodoyo, anayang'ana zala zawo kuti atsimikize kuti zatseka, n'kutsinzina.

Mumdimamo anamva madzi akubwata m'thanki ya nyambo, wailesi ikunong'ona za mphepo ya mawa, ndi galimoto ikudutsa panja matayala akuphwanya chipale chofewa. Kulemera kwa ndodo ankakumvera m'chigongono. Kuchokera pamkono kupita kutsogolo kunalibe uthenga uliwonse. Anaganiza zongonena kuti apo, mwina n'kulasa mwamwayi, koma anati ayambe amvetsera kupuma kwa mwanayo, chifukwa munthu asanakhudze chinthu amagwira mpweya. Anamvetsera. Marlys ankapuma monga mwa masiku onse. Anadikirabe, n'kuyamba kuganiza kuti mwina mwanayo wachita chisoni, waima chabe dzanja lili m'mwamba, akusowa poyambira. Zimenezo zinawatopetsa. Chinthu ngati chichitike, chichitike.

"Nanga uyamba liti?" anatero. "Tichedwa."

Atatsegula maso anaona chala cha Marlys chili pansonga, chikhadabo chikukodola, nsongayo ikunjenjemera. Marlys sanaleke nthawi yomweyo. Anakodolanso kangapo, ngati kuti chalacho sichinamve kuti mlandu watha, misozi ikutsikira m'kolala ya jekete.

A Arvo anadikira kuti manyazi abwere, kapena mkwiyo. Sizinabwere. Mumtima munali zii ngati m'manjamo, ndipo chimene anaona n'chakuti chipewa cha mwanayo chinali chitapendekeka.

"Ilipo ina," anatero mayi Dorene, akufufuza pansi pa kauntala. Mawu awo anali atatsika. "Ya kawaya kunsonga, ka mkanda wofiira. Nsomba ikangopumira nyambo, mkanda umagwedezeka. Maso muli nawo, a Arvo. Theka la madala a panyanjapa akuwedzera zomwezi, amangotseka zitseko kuti anzawo asaone."

Marlys sanakane. Anapukuta nkhope n'kuyang'ana bambo ake, ndipo zinkaoneka kuti akanati avomere, iye akanawasiyira chisanu chimodzi ichi. Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo a Arvo analiona. Anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba n'kuligoneka pakauntala pakati pa ndodozo. Chipsera cha mbaula chinali chikuwala, ndipo chala chachikulu chinali chokulungidwa ndi tepi yakuda, chitatupa m'mphepete.

"Ndikazigwira," anatero, "andisendera ndani?"

"Izi ndi za liti?" anafunsa Marlys.

"Za Lachinayi lija. Kapena Lachitatu."

"Ndipo simunapite kuchipatala."

"Sichikupweteka."

Mayi Dorene anabweza kawaya kaja pansi pa kauntala. A Arvo ananyamula ndodo yabwino ija n'kukaipachika okha pamalo pake, akuyang'ana zala kuti adziwe nthawi yozitsegula. Inali ndodo yabwinodi, ndipo anaiwongola kuti isatsamire inzake.

"Gus akabwera," anatero ali chitembenukire kukhoma, "mumuuze akoke kanyumba kanga ayezi asanayambe kufewa. Akakafuna akatenge. Mbaula ya m'menemo ndi yabwino kuposa yakeyo."

"Mukamuuze nokha. Ine si wa positi," anayankha mayi Dorene, ndipo analowa kuchipinda chosungira katundu ngati aiwalako kanthu.

Panja mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kumpoto. Marlys anawatsegulira chitseko cha galimoto, chinthu chimene sanachitepo n'kale lonse, ndipo iwo analowa osatsutsa. Marlys anazungulira n'kukhala pachiwongolero, koma sanalize injini. Kutsogolo kwawo msewu unkatsikira pa ayezi, ndipo kutali tinyumba tija tinkafuka utsi.

"Sindinafune kuti zikhale pamaso pa anthu," anatero Marlys.

"Dorene si anthu."

"Mwandikwiyira?"

"Ayi."

Sankanama. Anafufuza mkati mwawo kuti aone ngati muli kanthu koti amupatse mwanayo, mkwiyo kaya chitonthozo, koma sanapezemo.

"Chipinda chapansi chija chili ndi zenera?" anafunsa a Arvo.

"Kalipo kakang'ono. Kamayang'ana kumsewu."

"Chabwino."

"Tidzera kuchipatala kaye, aone chalacho. Zolongeza tikamba mawa."

A Arvo anavomera ndi mutu. Anayamba kuganiza za mapaipi a madzi, kuti afunika kuwakhuthula asanatseke nyumba, apo ayi adzaphulika ndi chisanu. Nkhuni zotsala akhoza kutenga a kutchalitchi. Firiji aizimitse n'kuisiya yotsegula. Ankaziika m'mutu chimodzichimodzi, modekha, ngati akukonzera ulendo munthu wina wa pamsewu wawo.

Kenako anakumbukira kuti magolovesi anawasiya pampando, ndipo anaweramitsa mutu kuti awafune. Apo ndi pamene anaona kuti dzanja lawo lamanzere lili m'manja mwa Marlys. Anali ataligwira ndi manja onse awiri, molimba moti mfundo za zala zake zinali zitayera. Sanadziwe kuti wakhala ataligwira nthawi yaitali bwanji. Magolovesi aja anawaleka, n'kumangoyang'ana pamenepo, popeza inali njira yokhayo yodziwira kuti mwanayo sanawasiye.